Ndevu Zinabisa Chibwano cha Amuna Anga

Anzanga, izi sindinachite kumva kwa munthu ayi, ndinaziona ndi maso angawa, ndipo eni ake nkhaniyi ndinawaperekeza kumanda ndine.

Malemu amuna anga anali telala pakhonde la sitolo ina ku Old Town, ine ndinkagwira ntchito ya m'nyumba ku Area 43. Monga mudziwa, telala amadula ulusi ndi mano. Tsiku lina nditawapitira pakhondepo ndinawapeza akulimbana ndi ulusi, kuluma, kulumanso, osaduka, mpaka anatenga sizasi, ndipo nditafunsa anangoseka kuti mano akalamba. Posakhalitsa anayamba kusunga ndevu, munthu amene ankameta mlungu uliwonse, moti anzawo achisilamu ankawaseka kuti shehe watsopano wafika, atsogolere mapemphero. Inenso ndinkaseka nawo. Nanga mkazi ungagwire ndevu za mwamuna wako n'kumafufuzamo ngati ukusaka nsabwe?

Mlomo wam'munsi utayamba kuchita dzanzi, phala n'kumatayikira pamalaya, alamu anga anati imeneyo ndi mbama ya mfiti, wawamenya ndi telala mnzawo wolimbirana naye makasitomala. Anapita nawo kwa sing'anga n'kukawatema mphini m'tsaya. Abwana anga, mayi wakumpoto wogwira ntchito m'boma, ndi amene anandikalipira kuti ndiwatengere kwa dokotala wa mano.

Dokotalayo anati sangaone kanthu ndevu zilipo. Atazimeta, zonse zinaonekera poyera. Chibwano chinali chitakhotera kumanzere, kumanjaku kutafufuma ngati avwatira mango m'kamwa, nkhope yosakhala ya munthu amene ndinkagona naye nyumba imodzi. Dokotala anawauza kuti alume mano, n'kuika rula kuchokera pakati pa mphuno kutsika, ndipo pakati pa mano am'mwamba ndi pakati pa am'munsi sipanakumane. Anatifotokozera modekha kuti nsagwada zimakhota mosiyanasiyana: ena amabadwa choncho, ena anagwa ali ana fupa lapafupi ndi khutu n'kusiya kukula, koma ikayamba kukhota munthu atakula kale n'kumatupa, iwo amaopa chotupa cham'fupa. Chithunzi cha mafupa chinaonetsa nsagwada yodyeka m'kati ngati mtengo wolowa chiswe.

Amuna anga anafunsa ngati chingachotsedwe. Dokotala anayang'ana pansi, kenako anati, “Bambo, mukanabwera pamene mano anayamba kusemphana.”

Potuluka amuna anga anandiululira kuti ankadziwa, ankadziona pagalasi la makasitomala, koma ankaopa kuti anthu asiya kusoketsa kwa munthu wokhota kamwa. Chotupacho chinali khansa, itafalikira kale, ndipo mvula isanagwe anatisiya.

Za mfiti sinditsutsana ndi munthu, koma ndikhulupirira kuti amuna anga sanamenyedwe ndi aliyense. Inu mukaona wanu wayamba kutafunira mbali imodzi kapena kubisa nkhope, ulemu uyambe wadikira. Mugwireni chibwano, mumuyang'anitsitse kunja kukuwala, mupite naye kuchipatala ngakhale akane. Kuli bwino akukwiyireni ali moyo.