Tsiku Limene Ndinasungunula Shuga wa Bwana

M'chaka cha 1996 ndinali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, ndili kapitawo pa nyumba yosungira katundu kufupi ndi Kanyama. Boma litagulitsa kampani yathu, mwini watsopano anaika mapaipi kudenga, okhala ndi timitu tachitsulo, kalikonse ndi kagalasi kofiira. Mmisiri anandifotokozera ndekha, m'Chingerezi chothamanga. Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Ndinangogwedeza mutu ngati ndamva.

Atachoka, Tembo wonyamula matumba anandifunsa: "Ba kapitawo, ni vichani ivi?"

"Ni malaiti. Bwelela ku nchito."

"Manje siyayaka bwanji?"

Amuna khumi anali kundiyang'ana. Kunena kuti sindikudziwa kunandikanika. Ndinakwera pa mulu wa matumba a shuga, ndipo ndinagogoda kagalasi kamodzi ndi sipanala kuti kayake. Kanasweka. Madzi akuda, onunkha dzimbiri, anandimenya kumaso. Belu linalira.

"Ba kapitawo, malaiti yanu yayaka!" anakuwa Tembo.

Timitu tija tinali tozimitsira moto: kagalasi kakasweka ndi kutentha, madzi amatuluka okha. Potsekera madzi mmisiri anali atauza ine ndekha, m'Chingerezi chomwe chija. Tinapafunafuna mpaka pansi ponse panayamba kumata ndi shuga.

Kwa bwana ndinati kagalasi kanaphulika kokha. Ndinanama malaya akudontha, sipanala ikadali m'thumba.

Tinataya matumba a shuga makumi atatu ndi anayi, a mchere asanu ndi atatu, ndi ukapitawo wanga, umene anaupereka kwa Tembo.