Jiki wa Alpheus Bain

Pachilumba cha Andros panalibe wodziwa kugwira nkhanu zikuluzikulu za m'nyanja ngati Alpheus Bain. Anzake akabwera ndi khumi, iye amadzaza bwato. Chinsinsi chake chinali botolo la jiki. Akamira pansi, amafinyira jikiyo m'mapanga a korali, matanthwe a pansi pa nyanja aja, nkhanu n'kutuluka zili dzandidzandi. Pakapita masiku, koraliyo amayera mbuu, kenako n'kumera ndere. Alpheus sizimamukhudza. Mwala ndi mwala.

Atakalamba n'kusiya kumira, mwana wake Verlene anabwerako kusukulu ku Nassau, nayamba ntchito yobzala korali. Tsiku lina padoko anaika kachidutswa ka korali m'beseni la madzi, n'kuwapatsa bambo akewo galasi lokulitsira zinthu.

"Taonani, ababa."

Alpheus anaona timilomo tambirimbiri, kalikonse katazunguliridwa ndi timanja togwedera.

"Aa! Kodi n'zamoyo?"

"Ndi tizilombo. M'thupi mwake mumakhala tizomera timene timatidyetsa dzuwa likawala. Thanthwe lofika m'chiunomu kulimanga mpaka zaka zana. Nsomba zimaswana momwemo, ndipo mafunde amafooka pomwepo asanafike kunyumba zathu. Mawa mukandionetse kumene munkagwira nkhanu."

Anapita atatu, pamodzi ndi Cleophas, mnzake wakale wa Alpheus, mwini bwato. Verlene anamira, koma sanachedwe. Anavuuka maso ali psuu.

"Ndi manda okhaokha pansipa! Ngakhale kansomba kamodzi. Anathira mankhwala. Ndani wouma mtima chonchi?"

Cleophas anaseka. "Funsa katswiri wathuyu. Achimwene, mwatani, mwameza lilime?"

Alpheus anayang'ana zala za kumapazi kwake.

"Ndine, mwanangu. Zaka makumi awiri. Ndinkati ndi miyala."

"Zoti n'zoletsedwa simunkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

Cleophas analiza injini, kuseka kutamuthera.

Sabata yonse Alpheus sanapondeko padoko, ngakhale kutchalitchi. Lolemba lotsatira Verlene anam'peza atakhala kuseri kwa nyumba, n'kumuponyera mtolo wa zingwe pamiyendo.

"Anyamata anga a ntchito satha kumanga mfundo. Kaya mubwera."

Anapita. Mpaka lero ndiye amamangirira tizidutswa ta korali kuzingwe, Verlene n'kukatikoleka pansi pa madzi kuti tikule. Alendo akafuna kumujambula, amakana, n'kuwalozera kwa mwana wake.