Nsomba Imene Apongozi Anaikana

Ndege zitaleka kuuluka chifukwa cha mliri uja, apongozi anga, mayi a mkazi wanga, anatsekerezeka kwathu ku Rockingham, tauni ya m'mphepete mwa nyanja kudziko lakunja kumene timakhala. Anabwera kudzaona mdzukulu kwa miyezi itatu yokha, koma chaka chinatha ali pompo. Anayamba kuwonda. Nyama ya m'sitolo ankati ikununkha firiji, ndipo ine ndinkada nkhawa kuti abale kumudzi adzati mkamwini anawakhazika ndi njala.

Ntchito yanga ndi yoyeza miyala kumigodi, koma masiku opuma ndinkakaweza kudoko. Tsiku lina ndinakola nsomba yachilendo, yaphwatalala, yokhala ndi kakamwa kosongoka ngati ikufuna kuimba likhweru, ndi munga umodzi pamutu. Mzungu wina amene ankaweza pomwepo, ataima patali monga mwa lamulo la masiku amenewo, anandiuza kuti kwawo kwa nsombayi ndi kumpoto, m'matanthwe a m'madzi ofunda, koma zina zimatsika potsatira madziwo. Ikaopsezedwa imalowa mumng'alu n'kuimika mungawo, ndiye kuikoka n'kudzivuta chabe.

Ndinafika nayo kunyumba ndikudzimva. Apongozi anatenga mpeni kuti apale mamba ngati chambo. Anapala, kupala, osachoka kanthu. Anaika mpeni pansi n'kusamba m'manja.

"Bambo, uyu ndi mlamba wa kuno. Ife a Sabata nsomba yopanda mamba sitidya."

Kunena zoona, zinandiwawa. Koma khungu lake linkandikanda chala ngati tupa, ndipo zimenezo zinandipatsa maganizo. Ndinakatenga kagalasi kanga koonera miyala, ndinagwada chapatali n'kupereka ndi manja awiri.

"Amayi, tangoyang'anani kaye."

Anatsinzina diso limodzi n'kuyang'ana nthawi yaitali. Timamba tinalipo, tating'ono zedi, kalikonse kali ndi kaminga kake.

"Ii, koma ili nawo! Inangobisa," anatero akuseka.

Khungulo tinachita kusenda ngati tikuivula jekete, ndipo mkazi wanga anaiphika ndi tomato ndi anyezi. Chibwerereni, apongozi ankadyera kuchipinda chifukwa cha manyazi a chipongozi, koma masana amenewo anakoka mpando n'kukhala patebulo moyang'anana nane. Anadya mpaka mutu womwe, ine mtima wanga uli mbee.

Akusamba m'manja, anandifunsa osandiyang'ana.

"Mawa mupitanso kumadzi, bambo?"