Ng'ombe ya ukwati wa mwana wathu

Amuna anga ndi dokotala wa ziweto wa boma, amene kuno timangoti a vetenale. Ntchito imeneyi ndinakhala ndikuida zaka zambiri. Foni yawo imalira ngakhale pakati pa Misa: nkhumba zagwa uku, ng'ombe yalephera kubereka uko. Njinga yamoto ikasowa mafuta amakwera zitunda wapansi, n'kubwera miyendo itatupa. Ogulitsa nyama pa Chimbiya amawatukwana akawakaniza chidindo chovomereza nyama, ndipo tsiku lotero akafika kunyumba chakudya amangochiyang'ana. Ndinkawanena kuti anakwatira ziweto, ine ndine mkazi wachiwiri.

Mwana wathu wamkazi atapeza banja, asewere athu, makolo a mnyamatayo, anapereka ng'ombe ya madyerero. Inali yonenepa, yosalala, moti ndinayamba kuyenda monyada. Anaipha m'mawa, ukwati uli mawa lake ku tchalitchi cha Kasina, chisanu chikuluma zala. Amayi tinali titatsuka kale miphika.

Amuna anga anapita ndi mpeni wawo kukayeza nyama monga amachitira kulikonse. Ine ndinaseka, ndimvekere ngakhale ya mwana wanu yomwe? Anacheka mapapo. Anachekanso chiwindi ndi m'nthiti. Monsemo munali timatuza toyera, tolimba. Anadzuka n'kuuza asewere kuti ng'ombeyo inali ndi chifuwa chachikulu chomwe chinali chitafalikira thupi lonse, ndipo nyamayo siyidyedwa.

Ndinawakokera kuseri kwa nkhokwe. Ndinawanena mawu amene sindingawalembe pano. Ndinati tingotaya zam'kati, nyama tiphike mpaka ifewe, adziwa ndani? Ndinawakumbutsa kuti anthu aitanidwa, kuti mwana wathu akalowa m'banja la eni ng'ombe atanyamula manyazi. Anandimvetsera mpaka ndinatopa.

"Mayi, ndikudziwa," anatero. "Koma ndaona."

Anapempha khasu, n'kukumba nalo dzenje. Anathira palafini, nyama yonse n'kuyatsa, ndipo anaima pomwepo mpaka inapsa, poopa kuti ena angaifukule. Asewere aamuna anangolowa m'nyumba. Anyamata ankawatchula amuna anga mayina oipa iwo akumva.

Mawa lake anthu anadya kabichi, nyemba ndi mbatatesi, nkhuku zochepa n'kupita kwa akuluakulu. Miseche inalipo, ndipo ina ndinaimva ndi makutu angawa. Bambowo analowetsa mwana wawo m'tchalitchi manja akununkhabe palafini. Mwanayo anawagwira mkono mwamphamvu, osausiya mpaka kuguwa.

Ndinakhala masiku osawalankhula bwino. Tsiku lina tikupalira kudimba ndinawafunsa ngati sanaganizeko zongotseka maso. Anasiya khasu. Anati mpeni utangolowa anadziwa, ndipo anacheka kachiwiri akupempha Mulungu kuti maso awo akhale akunama.

"Ndaotcha nyama ya anthu ambiri, ena akundigwadira, ena akulira," anatero. "Ndikanasiya yathuyi, ndikanawayang'ana bwanji pamsika?"

 Ndinachita mantha, mantha a ulemu, ngati amene amandigwira belu likalira pa Misa. Munthu amene ndinkamunyoza kuti amasamala ziweto kuposa ife ndinali ndisanamudziwe.

Tisanamalize mzere foni inalira. Mbuzi za wina zinali zitatupa mimba kuseri kwa phiri. Anandiyang'ana ngati mwana wopempha chilolezo. Ndinathamangira kunyumba, ndipo nsapato zawo za jombo ndinawabweretsera ndine.