Chishalo cha Apongozi

Njinga imene anandipatsa kuntchito inali yachimuna, yakuda, yolemera, ndipo chishalo chake anachipanga munthu wodana ndi akazi. Chinali chowonda, chosongoka kutsogolo, cholimba ngati chipande. Ndinali mlangizi wa amayi, wophunzitsa kusoka ndi kuphika phala la ana m'midzi ya kuseri kwa Mvera. Kukwera mapiri akumeneko ndi thukuta chabe. Nkhani inali potsika, pamene mwala uliwonse unkadzandipeza pomwe ndakhalira. Masiku amenewo mkazi kuvala buluku unali mlandu, choncho ndinkapalasa ndi diresi ndi chitenje, zonse zikuunjikana pamalo omwewo nkumandisupula.

Mwezi usanathe ndinayamba kuyenda ngati bakha. Midzi yakutali ndinasiya kufikako, ndipo abwana anandiuza mosapsatira kuti ngati njinga yandikanika alipo ena oifuna, pamodzi ndi ntchito yomwe. Ntchito imeneyo ndinaivutikira, sindikanalola kuti ipite chifukwa cha pokhalira.

Tsoka lake, wokonza njinga m'dera lonselo anali mmodzi, apongozi anga aamuna. Ine mtengwa, munthu woti sitinkayang'anana m'maso, ndikawauze kuti pakupweteka ndi pati? Ndinatuma amuna anga. Atafika pamaso pa bambo awo manyazi anawagwira, nkunena kuti ndi msana. Apongozi anakweza mahandulo. Ndinawatumanso nditawafotokozera bwinobwino, chikhalirecho malowo sanali achilendo kwa iwo. Anakanena kuti ndi mawondo. Apongozi anakweza chishalo chomwecho, moti tsopano ndinkachita kupendekera uku ndi uku kuti phazi lifike pa pedulo. Ndinapsa mtima, sabata yonse ndinkangowayankha amunawo ndi mphuno.

Pofuna kupepesa, m'mawa wina anandikulungira chishalo ndi nsalu, nkumanga ndi malegeni a chubu chakutha. Nditakhalapo ndinamva kufewa, sindinafunsenso zambiri. Tsiku limenelo ndinafika mpaka mudzi womaliza, kumene umaona mapiri a Ntchisi, ndikuimba nyimbo za kwaya. Pobwerera ndinapeza anyamata a chipani akufunsa makadi pamsika. Ndinawaonetsa langa osatsika, phazi nditaponda pachitsa, iwo nkundiuza kuti ndizipita.

Nditayandikira kwathu tayala linaphwa. Ndinakankha njinga mpaka pansi pa mtengo wa mango pamene apongozi ankagwirira ntchito, ndinaiimika, nkukagwada chapatali. Ndili chigwadire ndi pamene ndinaona. Nsalu ija inali itasuntha nkutembenuka, ndipo pamwamba penipeni pa chishalo panali nkhope. Amuna anga anatenga nsalu yanga yakale yovinira pamisonkhano ya chipani, ya nkhope ya mwini dziko. Ndinali nditaikhalira tsiku lonse. Masiku amenewo anthu ankasowa pa zifukwa zochepa kuposa pamenepo.

Pamtengopo panali abambo awiri odikira njinga zawo, akutsutsana za mitengo ya fodya. Apongozi anavula chipewa nkuchivundikira pachishalo ngati angosowa pochiika, kenako anauza abambowo kuti guluu watha, abwere mawa. Atachoka, anamasula malegeni, anapinda nsaluyo mwaulemu nkuilowetsa m'thumba la masipanala. Anakanikiza chishalo ndi chala, nachiyang'ana nthawi yaitali. Kwa ine sanacheukire. Analankhula ndi njinga.

"Iwe njinga, ukanangonena kalekale kuti vuto lili apa. Uja umamutuma uja ndinabereka ndine, koma ndi chitsiru."

Ndinaluma chitenje kuti ndisaseke, koma inatuluka ndi misozi.

Analowa m'nyumba nkutulutsa njinga yawo, imene anabwera nayo kuchokera kumigodi ku Joni, yomwe ngakhale ana awo sankaikhudza. Chishalo chake chinali chachikopa, chotambalala, cha masipuling'i awiri kumbuyo. Anachimasula nkuchiika pa yanga, anachitsitsa, naweramitsa mphuno yake pang'ono. Chipande changa chija anachimanga pa yawo. Atamata tayala anaimika njingayo chakufupi ndi ine, nkuiuza kuti izipita, ntchito ya boma siidikira.

Kuyambira pamenepo midzi yonse ndinkafika, ndipo abwana aja anapuma pantchito nkundisiya ndikupalasabe. Za nsaluyo apongozi sanauze munthu, ngakhale akazi awo. Koma posakhalitsa anthu anayamba kuwaona akukankha njinga ngakhale potsetsereka, nkumati mkuluyu mphamvu zatha. Anali munthu wonyadira kapalasidwe kake, ndipo mawu amenewo ankawapweteka, koma sanatsutse aliyense. Chishalo chawo sanachiitanitse mpaka anamwalira. Zikomo wa pakamwa sindinawauzepo, mwambo sunalole, ndipo zimandiwawabe mpaka lero.