Mapiritsi Amene Apongozi Anga Ankawakonda

Ndimasoka makusheni a masofa ku Kalingalinga, m'shedi ya akalipentala, m'mbali mwa msewu. Chaka chimene ndinapita padera, makina anga anakhala miyezi itatu atavundikiridwa ndi chitenje. Sindinkadya, sindinkagona, ndipo owotcherera zitsulo akangoyamba phokoso lawo, mtima unkandigunda ngati ndaba. Mkulu wanga ndiye anandikokera kukiliniki. Adokotala anati ndi matenda a maganizo ndi nkhawa, n'kundipatsa mapiritsi achikasu oti ndizimwa madzulo.

Anagwira ntchito, ndisaname. Tulo tinabwera, kulira kunachepa. Koma mlendoyu anabwera ndi abale ake. M'kamwa munkauma gwa, ndikadzuka msanga chizungulire, ndiye njala yake! Mabanzi anayi ndinkamaliza chiimirire. Zipi za masiketi anga onse zinakana kutseka. Choipitsitsa, tulo take sitinkadziwa kuti kunja kwacha.

Apongozi anga, amayi a mwamuna wanga, anabwera kuchokera ku Kitwe kudzandisamalira. Kuyambira kale ankadandaula kuti ndine wapakamwa. Atandipeza nditanenepa, ndili phee pampando, anaomba m'manja.

"Awe mwandi, mankhwala aya ni abwino! Onani mwamene mwainira. Na kuyankha mwaleka. Manje ndiye mwankhala mukazi wa panyumba."

Kutchalitchi ankandionetsa kwa azimayi anzawo ngati sofa yatsopano. Aliyense ankayamikira mwamuna wanga kuti amadziwa kusunga mkazi. Zinkandiwawa, koma mphamvu yokwiyira ndinalibe.

Nditabwerera kuntchito, tsiku lina masana ndinasinza makina akuyenda. Singano inaboola chikhadabo, magazi n'kudontha pansalu yoyera ya kasitomala. Mwini shedi, bambo wa mawu ochepa, anayang'ana nsaluyo nthawi yaitali.

"Ba sisi, nikupasani mwezi umozi. Mukapitiliza kugona, malo aya nizapasa wina."

Malo amenewo ndinawapeza ndisanakwatiwe, ndi manja angawa. Mwana ndinali nditataya kale, ndiye nditayenso makina chifukwa cha tulo?

Sindinaponye mapiritsi m'chimbudzi monga amachitira ena. Ndinabwerera kukiliniki n'kuika chala chomangacho patebulo. Adokotala anamvetsera, kenako anati pali mtundu wina. Achikasu aja ndiwachepetse pang'onopang'ono, ndiyambe makapisozi omwa m'mawa. Anandichenjeza kuti poyamba padzakhala mseru, mutu ndi tulo tovuta, ndipo phindu lake limachedwa. Anati maganizo akaipa ndisadikire tsiku limene anandilembera, ndibwerere msanga.

Sananame. Mseru unandigwira mpaka apongozi analulutira poganiza kuti ndili ndi pakati. Atadziwa kuti ndi mankhwala atsopano, nkhope inagwa. Thupi linayamba kubwerera mwakale. Sabata lachitatu ndinadzimva ndikukangana ndi kasitomala amene ankafuna siponji yopyapyala koma ndimulembere mtengo wa yokhuthala kuti akanamize abwana ake. Ndinamukalipira mpaka akalipentala anaimitsa macheka. Pobwerera kunyumba ndinkaseka ndekha mumsewu.

Sindinyoza achikasu aja. Mayi wina wogulitsa makala pafupi nafe amamwa omwewo, ndipo amuyanja. Kwa ine, onse awiri anachepetsa kulira. Oyamba anandipatsa tulo n'kundilanda masana. Achiwiriwa amandichititsabe mseru ndikamwa ndisanadye, koma singano ndimaiona.

Loweruka lina masana apongozi anandikhazika pansi, mwamuna wanga ali pomwepo. Patebulo panali kapu ya madzi ndi kapaketi ka mapiritsi achikasu otsala. Kani anali atawasunga m'chikwama chawo cha Baibulo!

"Mwana wanga, mwayonda. Bantu bazakamba ati mudwala vina, olo ati mwana wanga sakudyesani. Na kamwa yabwela futi. Bwelelani kuli aya."

Ndinagwada, pakuti ulemu ndinaphunzitsidwa. Koma mawu sindinawagwaditse.

"Bamayo, uja mukazi mwenze kukonda sanali ine. Yenze chabe tulo. Bantu bakambe, sibananyamulepo vamene ninanyamula. Aya sinizamwa."

Mwamuna wanga anayang'ana amayi ake, n'kuyang'ana chala changa chopanda chikhadabo. Kenako anatola kapaketi kaja n'kukaika m'thumba, nati akakabweza kukiliniki. Apongozi sanandilankhule masiku atatu, ndipo ine sindinawapepese.

Mwezi uja utatha, ndinapita kushedi nditanyamula masiketi amene ndinawakulitsa ndili wonenepa. Mwini shedi anandipeza ndikuwasomola ulusi.

"Ba sisi, makasitomala bakamba ati mwayambanso kuvuta."

"Manje malo?"

"Nanga nikapase ndani? Sokani."

Ndinakhala pamakina anga n'kubweza masiketi onse pamsinkhu wanga weniweni. Lamlungu ndinavala imodzi, ndipo ndinakakhala benchi yakutsogolo, pambali pa apongozi.