Wovala Zoyera Safunsidwa

Anzanga, ine mwamuna wanga ndinakumana naye m'mwamba. Osati m'maloto ayi, m'mwamba mwenimweni, miyendo ili lendelende pamwamba pa mzinda wa Pokhara, kwathu ku Nepal.

Ndinali nditabwera kwathu kudzadya chikondwerero chathu chachikulu cha Dashain, kuchokera ku Texas komwe ndinkagwira ntchito ya unesi. Tinasamukira ku America ndili kamtsikana, pasipoti yanga ndi ya komweko. Amayi anga okha, amene ndimawatchula Ama, anabwerera kalekale, ati tiyi wa kumeneko ndi madzi otsukira makapu.

M'mawa wina ndinakwera phiri la Sarangkot kukayesa zouluka ndi parashuti zija, zomwe Ama amati ndi njira yodula yodziphera.

Wondiulutsa anali Nirajan. Mutu wometa mpala, malaya oyera, buluku loyera, nsapato nazo zoyera. Dziko lonse linali ndi tika, kadontho kofiira ka madalitso, pachipumi, iye yekha pali mbee. Wa kwathu aliyense amadziwa: bambo ake anali atamwalira, ndipo iye anali m'chaka chake cha maliro.

"Bahini, mlongo wanga, ndikati thamanga, uthamange," anatero akundimanga malamba. "Ndipo osayang'ana pansi."

"Nanga ndikaima?"

"Tigwa tonse. Ine zamaliro ndavala kale, wovutitsa abale ndiwe."

Ndinaseka mpaka sindinadziwe kuti mapazi achoka pansi liti...

Kumwamba kuja kulibe phokoso, anzanga. Mphepo yokha, akabawi akuzungulira nafe ngati atiperekeze, ndi phiri la Machhapuchhre lili kutsogolo, loyera ngati iyeyo. Ali kumbuyo kwanga, mawu ake akundifikira pakhutu, anandiuza kuti nayenso anakhalako ku America, ankagulitsa mafuta a galimoto. Uthenga wa maliro utamupeza anakwera ndege tsiku lomwelo, chifukwa mwana wamwamuna ndi iye yekha, ndipo moto wotenthera mtembo wa bambo sayatsa mlendo.

Ine nesi wa digiri, wofunsa wodwala mpaka zomwe anadya dzana, sindinafunse kuti anapita ndi viza yanji, kapena anakhalako nthawi yaitali bwanji. Kwathu munthu wovala zoyera safunsidwa mafunso. Umamupepesa, kumupatsa madzi, basi.

Ndinabwerera ku Texas mtima nditausiya paphiri. Akauluka ankakweza foni m'mwamba n'kundijambulira mphepo. Ndikapuma kuntchito ndinkatseka maso n'kumamvera. Anzanga akuchipatala ankati mwamuna wa Binisha ndi wotchipa, ena akulandira maluwa iye akulandira mpweya.

Chaka chitatha iye anavula zoyera, ine n'kuvala zofiira za ukwati. Anandipaka pamutu sindoor, utoto wofiira wa mkazi wokwatiwa. Ama analira, kenako anadandaula kuti mkamwini wawo amadya pang'ono.

Ndinapereka pempho loti abwere ku America monga mwamuna wanga. Tinadikira, tikulota. Ine ndinkalota kakhitchini ka zenera lalikulu ndi ana awiri amakani. Zomwe iye ankalota sindinafunsenso.

Tsiku lokaonana ndi a ku ofesi ya kazembe wa America ku Kathmandu, ndinabwera kudzamudikira panja, nditagula kale momo, timitanda tokhala ndi nyama mkati, kuti tisangalalire. Anatuluka mapewa ali pansi. Viza yake ija inali ya miyezi yochepa, iye anakhalako zaka zinayi. Wopitirira motero akatuluka, khomo limamutsekekera zaka khumi.

"Bwanji sunandiuze?"

"Sunafunse, kanchhi, wokondedwa wanga."

Momo zija zinazizira m'manja.

Loya wathu anati tisataye mtima, chikhululuko cha boma la America chimatheka. Koma wovutika wofunika kwa iwo si Nirajan, ndi ine. Ndinayenera kutsimikiza kuti popanda iye ndizunzika kwambiri, komanso kuti nditasamukira ku Nepal ndizunzika koposa. Anati ndifotokoze zonse: fumbi, zivomezi, malipiro ochepa, misewu.

Ndiye ndinakhala pakhonde pa Ama kuti ndinyoze kwathu mwaulemu m'kalata. Kuchokera kukhitchini kunkabwera fungo la sel roti, mandasi a ufa wa mpunga. Minda ya mpunga itapsa, phiri likuwala ngati lasamba kumene. Ama anasuzumira n'kufunsa ngati ndalembaponso kuti amayi anga amandikakamiza kuwonjezera chakudya.

Pamenepo ndi pomwe maganizo anandibwerera, okoma mpaka ndinadziseka. Chikhululuko cha chiyani? Mwamuna ali kuno, Ama ali kuno, odwala nawo sasowa kulikonse.

M'mawa mwake ndinamupempha kuti andiulutse. Nkhani yabwino ndinafuna ndimuuzire pomwe tinayambira. Titafika pakati pa akabawi ndinati:

"Za chikhululuko ndazisiya. Ndibwerera kuno. Zaka khumizo tidzazidyera pano, ine ndi iwe."

Nkhope yake sindinkaiona, koma ndinamva zingwe zikukokedwa molimba, parashuti n'kupendekeka pang'ono.

"Usasewere, Binisha," anatero. "Iwe ukabwera kuno... ine ndipita bwanji?"

Anzanga, ulendo umenewo ndinayang'ana pansi. Kunali kutali.

Sindinganame kuti sanandikonde konse. Mwina anandikonda monga munthu amakondera mphepo yabwino, ikamapita komwe iye akufuna. Anachonderera milungu ingapo kuti ndibwerere kwa loya. Nditakana anasiya kuchonderera, kenako anasiya kuimba.

Kubwerera ndinabwereradi, ndekha. Ndimagwira ntchito pachipatala china kuno ku Pokhara, ndipo zenera la wodi yathu limayang'ana ku Sarangkot. M'mawa uliwonse maparashuti amatuluka paphiri ngati maluwa omwazidwa, ofiira, achikasu, obiriwira. Imodzi mwa iwo ndi yake. Ndimadziwa mawu omwe akuuza mtsikana amene wamumanga malamba.

Inu mukadzakonda, pepesani ngati pali maliro, madzinso mupatseni. Akamwa, funsani.